Chipinda cha Apongozi Chilibe Zenera

Aphungu,

Kalata iyi ndaiyamba katatu n'kuing'amba, chifukwa anthu awiri amene ndikudzawanena kwa inu onse ndi abwino. Mmodzi akanakhala woipa sindikanakuvutitsani, ndikanadziwa womuloza chala. Koma mmodzi ndi mayi anga ondibala, winayo ndi amuna anga, ndipo ulemu umene akupatsanawo ndi umene ukufuna kundilanda amayi.

Ine ndine mayi wa ana atatu. Kwathu ndi ku Katete, koma tinabwera kuno kufupi ndi Chalimbana mu 1949, amuna anga atapeza ntchito yomanga. Eni dziko, Asoli, anatilandira bwino kwambiri. Anatipatsa munda ndi malo a nyumba imodzi, ndipo ife monga alendo sitinafune kukhala anthu opemphapempha.

Amuna anga ndi a Tenson, atate a Nelesi. Musaganize kuti ndikuwatama chifukwa ndi anga, funsani aliyense kuno. Khoma lawo amaliwongola ndi chingwe chomangirira kamwala kunsonga, ndipo njerwa ikangopendekera pang'ono amaichotsa, ngakhale palibe amene waona. Ndinawafunsapo kuti, "Nanga aona ndani?" Iwo anati, "Naona ine." Anthu odutsa panjinga amatsika kudzayang'ana ngodya za nyumba yathu, ena mpaka kuzisisita ndi dzanja. Kulankhula kokha ndiye ayi. Mawu amene amatulutsa pa tsiku mungawawerenge pa zala, zala zina n'kutsala.

Mwezi wa Juni chaka chino atate anamwalira ku Katete. Anali ndi chifuwa chimene anabwera nacho kuchokera ku migodi ya ku Wankie, ndipo amayi anawadwazika okha zaka ziwiri. Mlongo wanga ali ku Broken Hill, m'chipinda chimodzi cha pakomboni ndi ana asanu. Wina palibe. Amayi maondo awo anatha, kumadzi sangapite, ndipo akadzuka mofulumira amagwa. Pobwerera ku maliro ine ndinkafuna kupempha kuti titenge amayi, koma ndinkaopa kunena. Tili pa lole, titangowoloka Luangwa, a Tenson anangoti, "Apongozi sangakhale okha kuja. Muwatenge. Nizamanga." Ndinalira mpaka ku Rufunsa, anthu n'kumaganiza kuti ndikulirabe maliro.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana, ndipo apongozi saona mkamwini akudya. Zaka khumi za ukwati wathu awiriwa sanauzanepo ngakhale "mwadzuka bwanji". Akakumana panjira a Tenson amapatukira kutchire akuomba m'manja, amayi n'kutembenukira kwina. Kwathu ana akabadwa awiri kapena atatu, ankhoswe amabwera ndi nkhuku, amanena mawu, manyazi n'kuchepa. Koma ife tinachoka Nelesi ali kumsana. Nkhoswe wina anamwalira, wina anapita ku Halale ndipo sanamvekenso. Manyazi athu anangotsala mmene analili pa tsiku la ukwati.

Popeza malo ndi a nyumba imodzi, ndiponso ine ndinkafuna kuti amayi akagwa ndizimva, a Tenson anaganiza zolumikiza chipinda kumbuyo kwa nyumba yathu. Njerwa anaumba okha, poweruka kuntchito ndi Loweruka, ine ndikutunga madzi. N'zosawotcha, zouma ndi dzuwa. Aphungu, mukanaona mmene anachiganizira chipindachi! Khomo analiloza kumunda kuti njira zawo zisamakumane. Analambula kanjira ka amayi okha kopita kukhitchini, kena kopita kuchimbudzi, n'kuzula mwala uliwonse wopunthwitsa. Mkati anakhoma mtengo wosalala m'mbali mwa khoma kuti amayi azigwira podzuka. Zonsezi sanafunse munthu. Anangokumbukira mmene anawaonera akuyenda pa maliro paja, iwo ali patali.

Makoma otsala ndi awiri. Limodzi layang'ana kubafa, linalo layang'ana pabwalo, pansi pa msuku pamene a Tenson amadyera ndi kupalira matabwa. Onse awiri anawasiya opanda zenera. Anati, "Windo ni diso. Siningaike diso la apongozi pamene nidyera, kapena pamene nisambira."

Mu Ogasiti, khoma litafika m'chifuwa, kunabwera kapaso, mthenga wa mfumu, kudzawerenga malamulo atsopano a khoti la mfumu. Anati amene akuwonjezera chipinda ayambe wakanena, ndipo asafolere a zaumoyo asanachione. Khoma likhale lalitali loti munthu atakweza dzanja asagunde denga, likhale lomata mkati ndi kunja kuti nkhufi zisapeze pobisala, ndipo chipinda chilichonse chogona chikhale ndi zenera lotsegula. Ambiri anang'ung'udza, ena anangofolera zawo mwakachetechete. A Tenson anawonjezera mizere itatu ya njerwa, anamata mkati ndi kunja mosalala, ndipo anapita okha kukanena kuti abwere adzaone. Anatsatira zonse kupatula chimodzicho. Amayi ndinakawatenga mu Seputembala, ndipo podikira chipinda chawo akugona m'khitchini.

Kumayambiriro kwa mwezi uno kunabwera a Greenwell a zaumoyo, bambo wa konkuno, ali panjinga, tepi ndi choko m'thumba. Anazungulira chipinda kawiri, anayeza, anagogoda khoma, n'kupukusa mutu. Anati, "Ba Tenson, imwe mwamanga. Nayenda minzi yonse mpaka ku Nkomeshya, khoma ya so sininaionepo." Ine mtima unayamba kuvina. Kenaka anati, "Manje windo ili kuti?"

A Tenson anafotokoza, maso ali pansi. Ndinkaganiza kuti bamboyo aseka, koma anavula chipewa n'kundifunsa amene adzagonamo. Ndinawauza zonse, ndi za matenda a atate zomwe. Iwo anati, "Namvera. Na ise tili nawo ulemu wamene uyu, na ine bapongozi banga nimabathawa. Koma bamayi aba basunga munthu wa chifuwa zaka ziwili. Simungabagoneke mopanda mphepo na dzuwa. Nikavomera apa, ndiye kuti nabapha ndine." Analowa mkati n'kujambula ndi choko malo a zenera pa khoma loyang'ana pabwalo. Anati udzu usakwere asanaone zenera, ndipo akapeza titafolera adzayenera kukanena kukhoti, kumene adzatilamula kusasula. Adzabweranso Lachisanu lachiwiri la Novembala.

Lero ndi pa 20 Okutobala. Phaso lili pamwamba, mitolo ya udzu yatsamira pankhokwe, ndipo masana mitambo yayamba kusonkhana. Mukudziwa zimene njerwa zosawotcha zimachita zikanyowa. Mvula ziwiri zamphamvu, thukuta lonse la miyezi itatu libwerera kukhala dothi. M'khitchini muja amayi ayamba kukhosomola ndi utsi.

A Tenson akuti, "Nizafolera chabe. Anitengere kukhoti." Ine kulakwa kwanga ndinakawauza amayi mawu amenewa, poganiza kuti asangalala kumva mmene mkamwini wawo akuwalemekezera. Amayi anangoimirira n'kuyamba kumanga phukusi. Anati, "Ine nabwera kudzagwetsa mwana wa eni m'milandu? Munthu wanimangira nyumba monga ya aphunzitsi, malipiro ake akhale kapaso? Nibwerera kwathu." Akuti mwezi ukatha ndiwaperekeze pa Chongwe akakwere lole ya ku Fort Jameson. Amayi anga akanena chinthu sabweza. Kumene akufuna kubwerera ndi kunyumba yodontha, kopanda wowatungira madzi. Akakwera loleyo ndikudziwa kuti sindidzawaonanso ndi maso.

Tsopano ntchito yanga yasanduka yonyamula mawu. Kuchoka kukhitchini kufika pansi pa msuku ndi mapazi khumi okha, koma ndayendapo mpaka udzu unatha. Amayi amati, "Uwauze atate a Nelesi asaboole khoma lawo lokongola chifukwa cha ine." Ndikafikitsa, a Tenson amati, "Muwauze apongozi asavutike mtima, siningawachititse manyazi." Onse awiri amamvana bwinobwino, chifukwa mawu safuna lole kuti ayende mapazi khumi, koma aliyense amadikira kuti ine ndibwereze. Ana amaseka. Ine ndatopa, ndipo nthawi zina ndimakwiya ndi ubwino wawo womwewo.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinaona, ndipo sindinauze munthu.

Choyamba, a Tenson akapita kuntchito amayi amalowa m'chipinda muja. Pansi pake azirapo katatu ndi dothi lakuda, chokwawa ndi maondo awo omwe aja, pamene denga palibe. Sabata yatha ndinawapeza ataima pa khoma la choko lija, dzanja ataliika pakati penipeni. Sanatembenuke. Anati, "Atate ako mwezi wotsiriza anali kunipempha kuti niwatulutse panja aone dzuwa. Ine mphamvu zowanyamula ninalibe. Anafa masana, koma mumdima." Kenaka anapukuta dzanja pa chitenje n'kunena kuti, "Usawauze."

Chachiwiri, dzana ndinkafuna thumba loikamo mtedza m'khumbi limene a Tenson amasungamo zipangizo. Pansi pa matumba ndinapeza felemu ya zenera ya mlombwa, yatsopano, ndi zitseko zake ziwiri zazing'ono, yopalidwa mosalala moti dzanja limaterereka. Ndinathyola phesi la chimanga n'kuyeza, kenaka ndinakayeza pa choko paja. Ndendende. Ndinaivundikira mmene ndinaipezera. A Tenson za felemuyo sanatchulepo, ndipo madzulo omwewo anabwerezanso kuti afolera popanda zenera.

Aphungu, ndichite chiyani? Ndikaulula mawu a amayi ndawapereka, pamene anandiletsa. Ndikatchula felemu, amuna anga ati ndimafufuza zinthu zawo. Amayi ena a kutchalitchi akuti ndigwire nkhuku ndipite nayo kwa a Greenwell akatseke diso. Ena akuti ndiwasiye amayi apite, mwambo ndi mwambo. Ine ndikufuna amayi anga agone kuseri kwa khoma langa, kuti akakhosomola ndizimva. Ndithandizeni mvula isanagwe.

T. M., Chalimbana

Mayi T. M.,

Kalata yanu ndaidumphitsa mzere, chifukwa ena amene andilembera sabata ino angathe kudikira, koma mitambo yanu sidikira.

Ndiyambe ndi nkhuku. Musaipereke kwa a Greenwell. Bambo amene anavula chipewa pomva za mwambo wanu, n'kukanabe kuvomera chipinda chimene chingadwalitse mayi anu, si munthu womunyoza ndi nkhuku. Anthu ogwira tepi ndawaona ambiri, ndipo ochuluka amayeza khoma osafunsa amene adzagonamo. Uyu anafunsa. Nkhukuyo isungeni, muidyetse bwino, ili ndi ntchito ina imene ndikuuzani.

Ndikuuzeni mosabisa kuti ndawerenga kalata yanu ndi nsanje. Pa tebulo langa pali makalata a akamwini othamangitsa apongozi ndi a apongozi opasula maukwati. Inu mukudandaula za mwamuna amene anaumba njerwa poweruka kuntchito, n'kukhoma mtengo wogwira wa nkhalamba imene sanaiyang'anepo kumaso, ndi za mayi amene akulolera kukafera m'nyumba yodontha kuti mkamwini asaime pakhoti. A Tenson ndi mmisiri wa njerwa, komanso ndi mmisiri wa mtima. Mukawauze kuti Aphungu atero. Ndikudziwa kuti angoti "Oo", koma akamve.

Koma pa zenera alakwa, ndipo lamulo lalondola. Pepala la malamulo a kwanuko ndilibe, ndipo si lamulo lililonse latsopano limene ndimaliombera m'manja, koma ili ndi lanzeru. Chipinda chotseka chimasunga chinyontho ndi mpweya woipa, ndipo chifuwa chimakonda malo otero. Mayi anu anapuma mpweya umodzi ndi wodwala kwa zaka ziwiri. Kuwagoneka mumdima chifukwa cha ulemu ndi kuwalemekeza mpaka kumanda. A Tenson akudziwa zimenezi kuposa inu ndi ine. Mwamuna amene safuna zenera sataya mlombwa wake kupala felemu, ndipo saiyeza ndendende ndi choko. Mayi amene akufunadi kubwerera kwawo sazira pansi katatu. Amuna anu akufuna kuboola khoma, koma akuopa kuti apongozi ati mkamwini wataya ulemu. Mayi anu akufuna dzuwa, koma akuopa kuti ati nkhalamba yapatsidwa nyumba n'kuyambanso kulamula. Aliyense akukana m'malo mwa mnzake.

Tsopano ndifike pa inu, ndipo musakwiye. Ntchito ya mtengamakalata mwaigwira mokhulupirika, koma mwakhala mukufikitsa makalata olakwika. Mawu aulemu onenedwa mokweza, amene onse awiri amva kale, ndi amene mumathamanga nawo. Mawu oona awiri aja mwawatsekera m'thumba. Aja a kukhoti, amene anafunika kufera m'khutu mwanu, ndi amene munawafikitsa akadali otentha, ndipo phukusi linamangidwa. Simunachite dala, ndikudziwa. Koma pakhomopo ndinu nokha amene muli ndi mbali zonse ziwiri za nkhaniyi, ndiye musadikire kuti wina aithetse.

Yambani ndi mayi anu, mawa lomwe, a Tenson akapita kuntchito. Musakambe zambiri. Agwireni dzanja mupite nawo kukhumbi, muvundukule matumba, aione felemuyo ndi maso awo ndipo aisisite. Kenaka muwafunse ngati akukuletsanibe kunena. Mawu a imfa ya atate anu ndi awo, musawanyamule popanda chilolezo. Koma chimene mukufuna kwa iwo ndi chaching'ono: avomere kuti mukanene kuti apongozi akulifuna zenera. Ndikukayika ngati angakane ataigwira felemu ija.

Kwa amuna anu musazungulire. Nenani kuti munkafuna thumba la mtedza ndipo munapeza chinthu chokongola. Kufuna thumba si kufufuza. Akakwiya, akwiya mphindi zochepa, chifukwa palibe mmisiri amene amasangalala kubisa ntchito yabwino. Za pansi pozira paja sindikhulupirira kuti sanaone. Munthu woona njerwa yopendekera angalephere kuona kuti m'chipinda chake mwaziridwa katatu? Anaona, ndipo mwina ndi tsiku lomwelo limene anayamba kupala mlombwa.

Nkhani ya diso loyang'ana podyera njosavuta kuposa mmene mwaionera, ndipo ndikudabwa kuti anthu anzeru atatu simunaione. Khoma silingasunthe, koma mpando ungasunthe. A Tenson asamutse podyera ndi popalira matabwa apite nazo kumaso kwa nyumba, amange kakhumbi ka mthunzi kumeneko. Pansi pa msuku paja apasiyire apongozi, azikhalapo masana ndi adzukulu. Zenera likatero lidzayang'ana pabwalo la mwini wake. Ngati mitima ikadali yokayika, funsani a Greenwell ngati lamulo likulola kulikweza pang'ono kuti munthu atakhala pansi aziona mitambo, osati anthu. Muwapemphe akuonetseni pamene zalembedwa, kuti musaboole khoma kawiri. Za kuboola kwenikweniko sindiphunzitsa a Tenson. Adziwa okha kuti mtanda wapamwamba umayamba kulowa njerwa zapansi zisanachotsedwe.

Musadikire Lachisanu lachiwiri la Novembala. Tsiku limenelo anaika a Greenwell, mvula sinavomere. Zenera likangolowa, a Tenson akwere njinga akawaitane, ndipo munthu amene ananena kuti khoma lotero sanalionepo sadzachedwa kubwera. Pakadali pano vundikirani pamwamba pa makoma ndi matumba kapena zikopa kuti mvula yoyamba isawapeze ali pamtunda. Moto wophikira utuluke panja lero lomwe, khitchini ipume utsi. Ndipo chifuwa cha mayi anucho musachinamizire utsi wokha. Pitani nawo kuchipatala akawapime, ndipo mukanene za matenda a atate anu. Mukapeza kuti palibe kanthu, mwangotaya tsiku limodzi.

Tsopano nkhuku ija. Mwambo umene ukukuvutitsaniwo uli ndi khomo lotulukira, ndipo mwalitchula nokha. Makolo amene anauika sanafune kuti mkamwini wa ana atatu azidumphirabe kutchire ngati wobwera dzulo. Inu mwangotsala pakati chifukwa ankhoswe munawasiya kummawa. Zimenezi zikuchitikira mabanja ambiri amene anawoloka Luangwa: manyazi tinanyamula, koma owathetsa tinawasiya. Kutchalitchi kwanu sikungasowe bambo ndi mayi achikulire ochokera kwanu, odziwa mawu onenedwa pamenepo. Apempheni aime m'malo mwa ankhoswe. Abwere masana, ana aone, nkhuku iphedwe, mawu anenedwe. Sindikunena kuti kuyambira pamenepo azidyera mbale imodzi. Ulemu utsale. Koma awiriwa afike poti angathe kuuzana "mwadzuka bwanji", ndiponso kuti mayi anu akadzagwa inu muli kumunda, a Tenson adzathe kuwadzutsa ndi manja awo, osati kuthamanga kukafuna munthu wamkazi iwo ali gone pansi. Mwaganizapo zimenezi? Tsiku limenelo lidzabwera.

Chenjezo langa ndi ili. Musalole a Tenson afolere popanda zenera, ngakhale mitambo ide bwanji. Akatero apambana sabata imodzi, kenaka kapaso abwera, ndipo mayi anu sadzagonamo m'chipinda chimene chaimitsa mkamwini wawo pakhoti. Ndipo pa Chongwe paja musawaperekeze. Musanene mumtima kuti apite kaye, tidzawatenga zinthu zikakhala bwino. Nkhalamba yonyada ikawoloka mlatho wa Luangwa kachiwiri siibwerera.

Ndikulankhula zimene ndikudziwa. Apongozi anga ndinawathawa zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndinali katswiri. Tsiku lina ndinadumphira m'chitedze, ndinakanda thupi masiku atatu, mudzi wonse n'kumanditama kuti mkamwini waulemu ndi uyu. Ndinawamangira nkhokwe, ndinawalimira munda, iwo ananditumizira maungu ndi nthochi kudzera mwa mwana wawo. Tinkati za nkhuku tidzachita chaka chamawa. Nkhope yawo ndinaiona bwinobwino kamodzi kokha, atagona pamphasa, anthu akuimba nyimbo za maliro. Ndinapeza kuti anali ndi mpata pakati pa mano, wofanana ndi wa mwana wanga wamkazi. Mpaka lero sindidziwa mmene ankasekera.

Pitani kukhumbi, mayi. Kavundukuleni matumba aja.

Aphungu